Amene Anasesa Manda a ku Heron Neck

Manda a ku Heron Neck anabedwa Loweruka, koma anthu anadziwa Lachiwiri.

Corinne Mungin, wapolisi wa boma la Tillery, anaimitsa galimoto pamene msewu wa mchenga umathera, pansi pa mitengo ikuluikulu yolendewera ndere zotuwa ngati ndevu. Anapeza azimayi awiri akumudikira. Mmodzi anali Mayi Earthalee Bowens, a zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, ataima chilili, ndodo ili m'manja ngati akufuna kukwapula munthu. Winayo anali mzungu wamtali wa chipewa chotambalala, dzina lake Greer Tillotson.

Greer ndiye anali mlendo wa boma lonse mwezi umenewo. Maboma a m'mbali mwa nyanja anali kale m'dera la mbiri ya dziko, lokumbukira akapolo amene analima mpunga m'madambo amenewa pamodzi ndi zidzukulu zawo. Tsopano nyumba ya malamulo inafuna kudziwa ngati kuli koyenera kuonjezerapo maboma ena atatu a kumtunda, Tillery ali momwemo. Ntchito ya Greer inali kuyenda, kuona zimene zatsala, ndi kuzilemba.

"Wachedwa, mwana wa Viola," anatero Mayi Earthalee osapereka n'komwe moni. "Yunifolomuyo ikukulemera eti? Tiye ukaone zimene awachita amayi ako."

Atafika pa mizati iwiri yovunda pamene kale panali chipata, mayiwo anaima.

"Abale, ndife," anatero akuyang'ana m'mitengo. "Tabwera ndi mlendo. Tiloleni tilowe."

Corinne naye ananong'ona mawu omwewo. Greer anavula chipewa.

Ku Heron Neck kunalibe miyala yolembedwa maina. Munthu akamwalira ankamuikira pamanda chinthu chimene anachigwira komaliza: kapu, mbale, botolo la mankhwala, nyale, kapena wotchi yoimitsidwa pa ola limene mpweya unathera. Kapu ankaiboola pansi, mbale ankaiswa, kuti imfa ikabwerera isapeze chomwera kapena chodyera. M'mbali ankazunguliza zigoba zoyera za nkhono za m'nyanja. Maina a akufa anali mmenemo, ndipo aliyense wobadwira kuno ankatha kuwawerenga.

Lero munalibe kanthu. Mchenga wokhawokha mbee, wosesedwa ngati bwalo la tchalitchi tsiku la ukwati. Corinne anayang'ana patsinde pa mkungudza, pamene kwa zaka zisanu ndi chimodzi panakhala wotchi yobiriwira ya mayi ake, yoima mphindi khumi itadutsa folo koloko. Panalibe.

"Munabwera liti komaliza, Mayi Earthalee?"

"Lachisanu masana. Ndinadzazula udzu kuti mlendoyu asatiyese anthu auve. Zonse zinalipo. Ngakhale supuni ya Ezekiel inalipo."

"Muli manda angati?"

"Makumi atatu. Ndingakutchulire onse nditatsinzina. Mwamuna wanga yekha ndiye mulibe muno, poti iye anasankha Philadelphia." Analavula pambali.

Nkhani imeneyo aliyense ankaidziwa. Zaka makumi asanu zapitazo mwamuna wawoyo, Prince Bowens, ananyamuka m'mawa wina kupita ku khoti ndi mapepala osonyeza kuti malo a Heron Neck ndi a mabanja akuda amene ankalimapo. Sanabwerere. Anthu anati anamuona akukwera basi ya ku Philadelphia ndi mkazi wina. Chaka chisanathe malowo anakhala a banja la Haddock, ndipo kapu ya Prince inatsala ikulendewera pa msomali m'khitchini mwa Mayi Earthalee, azimayi anzawo akuwaseka kuti akusungira kapu munthu amene akumwera kwina.

"Zithunzi za mandawa zilipo?" Corinne anafunsa.

"Akufa sajambulidwa, iwe. Si anthu a pa ukwati."

Greer anatsokomola pang'ono. Ankalankhula mosamala ngati munthu woyenda pa mazira. "Vuto ndi limenelo, bwana. Ine ndikuwakhulupirira mayiwa, koma sindingalembe chimene sindinachione. Lachinayi kukubwera makina ounika pansi pa nthaka. Ndinawalembera kalata a Haddock masabata awiri apitawo kuwadziwitsa."

"Anayankha?"

"Ayi. Anthu ambiri amaopa kuti dera la mbirili likakula alandidwa malo. Sililanda ngakhale phazi limodzi. Chokhacho n'chakuti manda akalowa m'lipoti, palibenso amene anganene kuti samadziwa. Ndipo manda odziwika lamulo sililola kuwagaula."

Corinne anayamba kuzungulira m'mphepete, maso pansi. Mizere ya chokokolera inali ndi timaenje ta madontho a mvula, ndipo mvula inagwa kamodzi kokha sabata imeneyo, Loweruka masana. Ndiye kuti ntchito inachitika Loweruka m'mawa. Panali mkukuluzi wa tayala limodzi, wilibala, wopita ndi kubwerera kambirimbiri mpaka pa udzu wa kumsewu. Anafufuza ngakhale kaphale kakang'ono, koma sanakapeze. Munthu wotaya zinyalala amagwetsa, amaponda, amasiya tizidutswa. Apa panalibe ngakhale kachigoba kamodzi.

Kenaka anaona mapazi. Wosesayo anafafaniza ambiri, koma otsalawo ankayenda mokhotakhota, apa kulambalala, apo kubwerera, pa mchenga wopanda chopinga chilichonse.

"Mayi Earthalee, taimani apa. Mapaziwa akulambalala chiyani?"

Mayiwo anayang'ana nthawi yaitali.

"Akulambalala anthu," anatero. "Apa ndi Ezekiel. Apo ndi mapasa a Hattie. Wakubayu sanaponde manda ndi amodzi omwe."

* * *

Royce Haddock, mwini malowo, anamulandirira Corinne pakhonde la nyumba yake ya mizati yoyera, atakhala pa mpando wogwedera, tambula ya tiyi wozizira ili m'manja. Mpando wina unalipo, koma sanamuuze kuti akhale. Anthu a mtundu wake sakutukwana. Amangokusiya uli chiimire mpaka ukumbukire wekha kuti agogo ako ankalowera khomo la kuseri.

"Ndiwe mtsikana wa Viola, eti? Taonani zinthu. Mpaka mfuti anakupatsa."

"Ndabwera pa nkhani ya manda a ku Heron Neck, bambo Haddock."

"Manda ati? Kuja ndi kudzala, mtsikana iwe. Mbale zosweka, mabotolo. Kwathu kuno zimenezo timati zinyalala. Wina akasesa dzala langa, ine ndimuthokoza."

"Munali kuti Loweruka m'mawa?"

Haddock anaseka mpaka chifuwa kulira ngati chitseko chadzimbiri. Anakweza dzanja. Pamkono panali kalamba ka pulasitiki ka kuchipatala.

"Ndinalowa Lachisanu madzulo, ndatuluka dzulo. Mtima. Kafunse anamwino, sangandiiwale, ndinawatukwana onse. Ukuganiza kuti ine ndingakankhe wilibala?"

Corinne anasunga nkhope yake mmene inalili. Za wilibala iye anali asanatchule; ndiye kuti mkuluyu anali atakaonako kale kumandako.

Kuseri kwa khola la ng'ombe kunaoneka katapila wachikasu. Matope a pa unyolo wake anali ouma, ong'ambika, a masabata angapo.

"Katapilayo akupita kuti?"

"Ku Heron Neck, mawa m'mawa. Ndikudzala paini. Ndigaula mpaka kuya kwa munthu woimirira, ndiye mayi wa chipewa uja abwere Lachinayi ndi makina ake adzaunike mizu."

"Paini safuna nthaka yogaulidwa choncho."

"Wanga amafuna."

"Zaka makumi asanu malo aja simunawakhudze. Kalata yabwera yoti kukubwera makina oona pansi, basi mwakumbuka paini?"

Mpando unasiya kugwedera. Haddock anaika tambula ija pansi.

"Malo ndi anga, mapepala ndili nawo. Uli ndi chikalata cha woweruza? Ulibe. Woweruza sangaletse munthu kulima mchenga."

Apa ankanena zoona, ndipo choonadi cha m'kamwa mwa munthu woipa chimapweteka kuposa bodza lake. Popanda umboni woti pali manda, pofika mawa masana Viola Mungin akanakhala atasakanizidwa ndi mizu.

"Amayendetsa katapilayo ndani?"

"Malume ako, Cephus. Ndaninso? Wakhala akundiyendetsera chilichonse kuyambira iwe usanabadwe." Haddock anamwetulira, mtima utabwerera m'malo. "Sindinamuone chiyambire Lachisanu. Ukakumana naye umukumbutse kuti nyumba akugonamoyo ndi ya ndani."

* * *

Corinne anabwerera kumanda dzuwa lili paliwombo. Azimayi aja anali akadali pomwepo, atakhala pa chipika, Mayi Earthalee akumuuza Greer maina ndipo Greer akulemba ngakhale ankadziwa kuti maina okha sangaimitse katapila.

"Wakuuza chiyani nyalugwe uja?"

"Anali kuchipatala."

"Mtima? Anaupeza?"

Corinne sanaseke. Anapempha chilolezo pachipata, nkupita kukagwada patsinde pa mkungudza. Sanabwere kudzafufuza. Anangofuna kuuza mayi ake kuti walephera. Anaika chikhatho pa mchenga wotentha, pamene pankakhala wotchi, ndipo ukali utamugwira anafinya mchengawo, zala nkulowa mpaka m'kati.

Anakhudza chinthu cholimba.

Kanali kamtovu kotalika ngati chala chaching'ono, koboola pakati, ka mtundu womwe amamangirira m'mphepete mwa ukonde woponya kuti umire. Pambali pake panali timizere tiwiri tokanda ndi mpeni. Corinne anakhala pansi phwata. Timitovu totere anatitunga pa chingwe mazanamazana ali wamng'ono, atakhala pa chidebe m'shedi ya maukonde, akuuzidwa kuti ogula m'sitolo ndi a anthu aulesi. M'boma lonse la Tillery munthu mmodzi yekha ndiye ankasungunula yekha mtovu nkuukanda timizere tiwiri.

"Watola chiyani?" Mayi Earthalee anali atamuimirira kumsana.

"Mayi, a malume anabwera kutchalitchi Lamulungu?"

"Cephus? Ayi. Kwaya inaimba ngati amphaka, popanda besi. Ndimati mwina wadwala."

Corinne anakumba kumiyendo kwa manda omwewo. Anapezanso kena.

"Mayi Tillotson, muli ndi kamakina kofufuzira zitsulo?"

Kanali m'galimoto, pamodzi ndi mtolo wa timbendera tofiira. Greer anayamba kuyendetsa kamakinako pamwamba pa mchenga. Kakalira, Corinne ankabaya mbendera. Kanalira kumutu, kanalira kumiyendo. Awiriawiri, awiriawiri. Mayi Earthalee ankatsatira m'mbuyo akuitana ngati mphunzitsi m'kalasi.

"Ezekiel Grant. Hattie. Mapasa ake, onani mmene zayandikirana mbenderazo. Mlongo wanga Zipporah. M'busa Lemuel, uyo ankalalikira mpaka mpunga kupserera. Viola."

Pamene anamaliza, manda onse anali atabwerera, ofiira pa mchenga woyera. Onse mutu kumadzulo, miyendo kum'mawa, monga mmene munthu amagonekedwera kuti tsiku la lipenga adzadzuke akuyang'ana dzuwa.

"Makumi atatu," anatero Mayi Earthalee. "Ndinakuuzani."

Greer anapukuta thukuta, nkuyamba kubwerera podzera m'mphepete mwa dambo, kamakina kali lende m'dzanja, atayiwala kukazimitsa. Pansi pa zitsamba, kutali ndi mizere yonse, kanalira.

Onse atatu anaima.

"Mwina ndi chitini," anatero Greer.

Sichinali chitini. Kanali kamtovu ka timizere tiwiri. Corinne anafufuza kanzake kum'mawa, sanakapeze. Kumadzulo, sanakapeze. Kamakina kanakalira kumpoto, mtunda wa munthu wamtali atagona.

Mbalame zinali zitangoti zii. Ngakhale ndere za m'mitengo zinaleka kugwedezeka.

"Ayi," anatero Mayi Earthalee, mawu atasanduka a munthu wina. "Ayi. Ife sitigoneka munthu chopingasa. Wogona chopingasa sapuma, lipenga likadzalira sadzadziwa koyang'ana. Kuno sitinaikeko munthu. Ndani ameneyu, mwana wa Viola?"

* * *

Shedi ya maukonde ya a Cephus Mungin inali m'mbali mwa mtsinje, kuseri kwa kanyumba ka malata kamene ankakhalamo pa malo a Haddock. Wilibala inali panja, tayala lili mchenga woyera. Corinne asanafike pakhomo anamva kaphokoso kamene kanaimitsa tsitsi lake.

Ke. Ke. Ke. Ke.

A Cephus anali atakhala pa chidebe chovundikira, msana utatsamira chitseko ngati mlonda. Anali munthu wamkulu thupi, wa mawu ogwedeza mabenchi a tchalitchi, koma lero malaya ankangolendewera. Maso anali psuu.

"Ndimadziwa kuti atuma iwe," anatero. "Mulungu alibe nthabwala zabwino."

"Tsegulani, malume."

"Upemphe kaye. Ali m'katimo."

Corinne anayang'ana chitseko. "Abale, ndine. Ndiloleni ndilowe."

Maukonde onse anali atakwezedwa kudenga. Pansi panali pothiridwa mchenga, ndipo pa mchengapo panali Heron Neck yense: makapu oboola, mbale zosweka chidutswa chilichonse pafupi ndi chinzake, nyale, mabotolo, supuni ya Ezekiel, zigoba zitazungulira chilichonse. Mizere yomweyo, dongosolo lomwelo, zonse zoyang'ana kum'mawa. Pakona panali wotchi yobiriwira, ikuyenda.

"Inayamba nditangoinyamula," anatero a Cephus ali kumsana kwake. "Zaka zisanu ndi chimodzi ili pamvula. Ndaiika m'wilibala, basi ke, ke, ke. Udziwa mmene mayi ako ankachitira akakwiya, osalankhula, kumangogogoda chala pa tebulo? Chiyambire Loweruka sindinagone."

"Ndi kugwedezeka chabe. Mawotchi akale amatero."

"Iwe ukukhulupirira zimenezo?"

Corinne anachotsa maso pa wotchiyo. Anatembenuka, ndipo zonse zimene anazimeza pakhonde la Haddock zinatulukira pa munthu wolakwika.

"Mlongo wanu weniweni! Munamunyamula m'wilibala ngati manyowa! Inu amene munandiphunzitsa kupempha pachipata! Anakupatsani chiyani, malume? Malata awa? Malata odontha awa?"

"Tukwana, mwana wanga. Ndiyenera."

"Sindikufuna kutukwana, ndikufuna yankho!"

A Cephus anakhalanso pa chidebe chija. Ankalankhula akuyang'ana manja awo.

"Lachisanu, Royce asanapite kuchipatala, anandiitana. Akuti, Cephus, tenga katapila, ukankhire zonse zija mumtsinje, ndikabwera ndipeze poyera, Lachitatu tigaule. Ndinati, bwana, kuli mlongo wanga. Akuti, ndiye usankhe, mlongo wakufa kapena denga. Ndinakwera katapila Loweruka m'mawa. Kiyi ndinamuika. Dzanja linakana kupotokola. Ndiye ndinati, ndiwanyamule ndi manja, ndiwasunge, ndiike mtovu poti ndidzadziwe powabwezera. Mtovu suola. Ndimati mwina chichitika china chake Lachitatu lisanafike. Nzeru za munthu wamantha, mwana wanga. Zimafika theka la njira."

"Denga lokha silikanakukwezani pa katapila. Ndikukudziwani." Corinne anatulutsa timitovu tiwiri m'thumba nkutiika pa bondo lawo. "Awa ndawapeza m'mphepete mwa dambo. Kumpoto ndi kummwera. Mayi Earthalee akudziwa makumi atatu. Inu mwaika makumi atatu ndi amodzi."

Wotchi inagogoda kasanu, kasanu ndi kamodzi, kasanu ndi kawiri.

"Panalibe kapu pamenepo," anatero a Cephus. "Panalibe choti ndinyamule. Ndinamaliza onse, ndinatenga wilibala kuti ndizipita. Miyendo inanditengera komweko yokha. Sindikanatha kumusiya kawiri."

"Ndani?"

"Prince."

Dzinalo linagwa m'shedimo ngati mwala m'chitsime.

"Ndinali ndi zaka makumi awiri, ndikugwira ntchito kwa bambo ake a Royce. M'mawa umene Prince ankapita kukhoti ndinkakonza mpanda pafupi ndi mlatho. Prince anadutsa atavala jekete la Lamulungu, mapepala ali m'thumba la pachifuwa. Anandiseka, akuti, Cephus, ndikabwera ukhala ukumanga mpanda wako. Atangokhota ndinamva mfuti. Kamodzi. Nditathamangira ndinapeza Royce ataima, mfuti ikufuka, bambo ake akupisa m'jekete muja. Anandipatsa fosholo. Anati malo abwino obisa mtembo ndi pakati pa mitembo. Ndinayamba kukumba moyenera, kum'mawa, koma mizu inanditchinga, ndipo Royce anandiika mfuti pakhosi kuti fulumira, kumba kofewa. Ndinamugoneka chopingasa, mwana wanga. Ndi manja awa. Za basi ndi mkazi wa ku Philadelphia, ananditumanso ine kuti ndikanene kumsika."

"Inu?"

"Ine. Ndipo Lamulungu lililonse, zaka makumi asanu, ndaimba besi kumbuyo kwa Earthalee."

Corinne anatuluka panja. Mtsinje unkayenda mwakachetechete ngati sunamve kanthu. Anaganiza za mayi wokalamba uja akusekedwa kochapira zovala, pa maliro, pa maukwati, mwamuna wake atagona mtunda wa mphindi khumi kuchokera pa kapu yake. Anaganizanso za a Cephus, munthu amene anamulera bambo ake atathawa, amene anamugulira nsapato zoyamba za kusukulu. Akanatha kubweza makapu mwakachetechete, kuzula timbendera tiwiri, nkunena kuti anali ana opulupudza. Manda makumi atatu akanapulumuka mwina. A makumi atatu ndi amodzi akanakhala chopingasa mpaka lipenga.

Anabwerera ndi kope m'manja.

"Ndilemba zonse, malume. Za Royce, ndi zanu zomwe. Fosholo, bodza la kumsika, wilibala. Sindichotsa kanthu. Nyumba ino muitaya, ndipo khoti likhoza kukutsekerani."

A Cephus anatambasula manja onse awiri pamodzi. "Manga."

"Unyolo ndili nawo umodzi, ndipo uli ndi mwini wake. Inu gwirani cholembera." Anang'amba tsamba. "Tikamaliza, tipita kwa woweruza. Koma poyamba tidzera kwa Mayi Earthalee, ndipo mukawauza ndi pakamwa panu."

"Kuli bwino undimange."

"Ndikudziwa."

* * *

Lachitatu m'mawa Haddock anafika ku Heron Neck ndi dalaivala wobwereka, katapila akubangula m'mbuyo mwa galimoto yake. Anapeza msewu wa mchenga utadzaza. Mpingo wonse unali pamenepo, aliyense atanyamula chake m'manja awiri, wina kapu, wina nyale, akuima pachipata mmodzimmodzi kupempha, nkulowa. A Cephus ankaloza pokhazika, Mayi Earthalee ankavomereza ndi mutu. Chiyambire dzulo mayiwo sanawalankhule mawu ndi amodzi, koma sanawathamangitse.

Dalaivala uja ataona timbendera anazimitsa katapila, nkuvula kapusi.

"Ndani wakuuza kuti uzimitse?" Haddock anakalipa akutsika. "Awa ndi malo anga! Mtsikana iwe, chotsa anthuwa!"

Corinne anamupatsa pepala loyamba, loletsa kugaula. Haddock analitaya pansi. Anamupatsa lachiwiri, lomumanga pa imfa ya Prince Bowens. Ili analiwerenga, ndipo milomo inatuwa.

"Zaka makumi asanu," anatero. "Palibe khoti lingamve zimenezi. Mawu a chidakwa chokalamba chimodzi?"

"A malume samwa. Ndipo mawa makina akubwera, pambuyo pake madokotala ndi mafosholo. Chipolopolo nachonso ndi mtovu, bambo Haddock. Suola. Tembenukani."

Haddock anayang'ana kupyola anthu onse, molunjika pa timbendera tiwiri ta m'mphepete mwa dambo. Palibe amene anamulozera. Corinne anaona, Greer anaona, mpingo wonse unaona. Unyolo unatsekeka, khetye.

Atamutsekera m'galimoto, Corinne anabwerera. Wotchi yobiriwira inali itakhala kale patsinde pa mkungudza. Anawerama nkumvetsera. Inali chete.

Mayi Earthalee anali ataima pa manda opingasa aja. M'chikwama chawo cha kutchalitchi anatulutsa kapu yachitsulo yoyera, ya mkombero wabuluu, yopanda fumbi ngakhale pang'ono. Dikoni wina anawabweretsera msomali ndi hamala kuti aiboole monga mwa mwambo.

"Chotsani zimenezo," anatero. "Sindiboola lero. Munthu wagona molakwika zaka makumi asanu, ndimuikire kapu ngati zonse zili bwino? Ayambe amudzutsa, amusambitse, amuyang'anitse kum'mawa." Anakweza ndodo nkuloza a Cephus, osawayang'ana kumaso. "Ndipo dzenje latsopanolo akumba ndi uyo. Mizu ikamutchinga, aidule."

"Ndidula," anatero a Cephus.

Mayiwo anagwada movutikira, nkuika chikhatho pa mchenga pakati pa timbendera tiwirito.

"Prince, chitsiru iwe," ananong'ona. "Ndinakuuza kuti udye kaye."

Greer anadikira mpaka mayiwo anadzuka. Anali atatsegula kope lake.

"Pepani, mayi. M'lipoti akufuna nambala. Ndilembe manda angati?"

Mayi Earthalee anabweza kapu ija m'chikwama, nkutseka.

"Lemba makumi atatu ndi amodzi. Ndipo ulembe kuti ku Philadelphia sikunapite munthu."